Timbalame ta m'nkhalango yowirira tikamatuluka mwachimbuuzi pachithunzi

Aliyense amene anayesapo kujambula timbalame toimba ta m'nkhalango zowirira za m'madera otentha akuidziwa nkhaniyi. Mwadzuka kusanache, mwayenda mpaka nsapato zanyowa ndi mame, ndiye kambalame kamene mwakhala mukukasaka masiku atatu katera panthambi patsogolo panu penipeni. Mwadina batani kangapo, mtima uli dyokodyoko. Pakasikirini ka kamera chithunzi chikuoneka ngati chatheka. Koma mukachiika pakompyuta n'kuchikulitsa, diso la mbalame lili mwachimbuuzi, nthenga zasakanikirana, pamene tsamba limene linali kumbuyo kwake latuluka bwino lomwe mpaka mitsempha yake kuwerengeka.

Zikachitika kawiri katatu, ambiri amayamba kuda kamera kapena lenzi, n'kumaganiza zogula zina. Inenso ndinadutsa momwemo. Koma ndinadzaona kuti pafupifupi mavuto onsewa ali ndi muzu umodzi: m'nkhalango muli mdima kuposa mmene maso athu amatiuzira. Pansi pa mitengo ikuluikulu ya nkhalango yamvula pamafika gawo limodzi kapena awiri okha pa magawo 100 a kuwala kumene kumagwa pamwamba pa masamba. Maso amazolowera pakangopita mphindi zochepa, ndiye timaona ngati kunja kwayera. Kamera ilibe chizolowezi chimenecho. Mumdima womwewo muli kambalame kolemera magalamu 10 kapena 15, kamene mutu wake sukhazikika ngakhale kwa sekondi imodzi, ndipo pakati pa inu ndi iko pali nthambi, zilambe ndi masamba osawerengeka.

Yambani mwadziwa mtundu wa chimbuuzi chanu

Chimbuuzi sichikhala cha mtundu umodzi, ndipo mukasokoneza mitundu yake mudzakonza pamene palibe vuto. Kulitsani chithunzicho kufika pa 100%, kenako musayang'ane mbalame yokha. Funani malo alionse amene atuluka bwino.

Ngati nthambi ndi mapazi a mbalame zatuluka bwino koma mutu ndi mchira zili mwachimbuuzi, mbalameyo inasuntha, shutter (kachitseko ka m'kamera kamene kamatseguka kanthawi kochepa kuti kuwala kulowe) inachedwa kutseka. Ngati chithunzi chonse, masamba ndi nthambi zomwe, chikuoneka ngati chakokedwera mbali imodzi, manja anu ndiwo ananjenjemera. Ngati tsamba la kutsogolo kapena la kumbuyo kwa mbalame ndilo latuluka, fokasi inagwira polakwika. Ngati chonse chayererapo ngati chakutidwa ndi utsi, popanda malo akuda bii ngakhale amodzi, lenzi inali ndi nthunzi. Ndipo ngati mbalame ili pamalo ake koma nthenga zadzaza timadontho ngati mchenga, kuwala kunachepa kapena munadula chithunzicho kwambiri kuti mbalame ikule.

Pachithunzi chilichonse kamera imasunga manambala a shutter, aperture (kukula kwa bowo la lenzi lolowetsa kuwala) ndi ISO (mlingo umene kamera imawalitsira chithunzi) amene inagwiritsa ntchito. Tengani zithunzi makumi awiri zimene zinakanika pa ulendo umodzi, muwerenge manambalawo. Kawirikawiri mupeza kuti vuto ndi limodzi lomwelo lobwerezabwereza.

Shutter yochedwa, ndi mantha oopa ISO

Ili ndilo vuto limene limapha zithunzi zambiri, choncho tichedwepo.

Kambalame kotera panthambi kamafuna shutter ya 1/500 ya sekondi kapena kuposerapo. Kakamaimba, kukhosi ndi mlomo zikunjenjemera, kapena kakamadumphadumpha kufuna tizilombo, 1/1000 ndiyo imathandiza. Kouluka kamafuna 1/2000 kupita m'tsogolo, ndipo pansi pa nkhalango yowirira zimenezo n'zovuta kuzipeza. Vuto n'lakuti mukasiya kamera kuti idzisankhire yokha, kapena mukaika pa aperture priority (pamene inu mumasankha aperture, kamera n'kusankha shutter) ndi ISO yotsika, iyo imatsitsa shutter mpaka 1/60 kapena 1/30 mosakuuzani. Pakasikirini simuona kanthu. Mumadzazindikira muli kunyumba.

Njira imene ndimaikhulupirira ndi iyi: ikani kamera pa manual, aperture muitsegule mpaka pamapeto, shutter muisankhe nokha, ISO yokha ndiyo muisiye pa Auto. Kenako lowani mu menu mukweze malire a ISO, chifukwa makamera ambiri amabwera ali ndi malire otsika. Musaope 6400. Pa makamera a masiku ano ngakhale 12800 imagwira ntchito. Ambirife tinaphunzitsidwa kuti ISO yokwera imaononga chithunzi, ndipo manthawo ndi amene amatipangitsa kutsitsa shutter. Koma chithunzi cha timadontho chimakonzeka pakompyuta, pamene chachimbuuzi chilibe mankhwala. Mapulogalamu ochotsa timadontho apita patsogolo kwambiri m'zaka zochepa zapitazi: DxO PureRAW inatuluka mu 2021, ndipo Lightroom inalandira Denoise mu 2023. Amagwira bwino pa mafayilo a RAW, amene ndi zithunzi zosungidwa mmene kamera yazijambulira zisanakonzedwe. Ingosamalani kuti musawonjeze dzanja, chifukwa mukapitirira muyeso nthenga zimasalala ngati pulasitiki, ndipo munthu woidziwa mbalameyo amaona msanga kuti pena pake pasokonekera.

Pali china chimene chinanditengera nthawi kumvetsa. Timadontho timabwera chifukwa cha kuchepa kwa kuwala kumene kwalowa mu kamera, osati chifukwa cha nambala ya ISO payokha. Mukakakamira pa ISO 1600, chithunzi n'kutuluka chakuda, kenako n'kuchiwalitsa pakompyuta, simunapindule kanthu poyerekeza ndi amene anajambula pa 6400 kuwala kuli kokwanira. Pa makamera ena mumakhala mwaluza kumene. Kudula chithunzi nakonso kumakulitsa timadonthoto. N'chifukwa chake kuyandikira ndi mamita awiri kumaposa pulogalamu iliyonse.

Nanga ISO ikafika pamapeto koma kuwala kukadali kosakwana? Apa pali kanzeru kamene kamapulumutsa zithunzi. Kambalame sikasuntha mosalekeza. Kamatembenuza mutu, kaima kanthawi kochepa zedi, katembenuzanso. Tsitsani shutter kufika pa 1/250 kapena 1/125, muike kamera pojambula motsatizana, ndipo mudine zithunzi zisanu kapena khumi nthawi imodzi. Zambiri mudzataya, koma chimodzi kapena ziwiri zimagwera mkati mwa kuima kuja. Ine ndimayamba ndi shutter yothamanga kuti ndikhale ndi chithunzi chimodzi chotsimikizika, ndiye mbalame ikandipatsa mpata ndimatsitsa pang'onopang'ono. Mbalame zina zimalola zimenezi mosavuta. Ma trogon ndi ma broadbill ena amatha kukhala duu panthambi kwa mphindi zingapo. Koma timbalame tosakhazikika tija tofufuza m'masamba sitipereka mwayi wotere kawirikawiri.

Kumbukiraninso kuti stabilisation ya mu lenzi kapena mu kamera imaletsa kunjenjemera kwa manja anu okha, siimitsa mbalame. Anthu ambiri amasokoneza pamenepa. Ngati vuto lanu lili la manja, panikizani zigongono m'nthiti, tsamirani mtengo, kapena gwiritsani ntchito monopod, choimikira kamera cha mwendo umodzi. Tripod, ya miyendo itatu, ndi yabwino mukakhala pamalo amodzi kudikira, koma poyenda m'kanjira kopapatiza miyendo yake imakola m'zilambe, ndipo pofika poikhazika mbalame yapita.

Chotsani chilichonse chodya kuwala. Teleconverter (kagalasi kowonjezera pa lenzi kuti mbalame ioneke pafupi) ya 1.4x imadya theka la kuwala, ya 2x imasiya gawo limodzi mwa anayi, ndipo zonse ziwiri zimachedwetsa fokasi. Polariser, galasi lochepetsa kunyezimira, nayo ibwerere m'chikwama. Ngati mukuganiza zosintha lenzi, m'nkhalango kutseguka kwake kumaposa kutalika kwake: aperture ya f/4 imalowetsa kuwala kowirikiza kawiri kuposa f/5.6, ndipo f/2.8 kanayi. Onaninso mtunda waufupi umene lenziyo imatha kugwira fokasi. Akuluakulu anati mbalame ikakhala pauta siilasika, ndipo wojambula amakumana nazo zenizeni: kambalame katera mamita awiri kuchokera pamene mwakhala, lenzi yanu imayambira pa mamita anayi, ndiye mungokayang'ana mpaka kauluke.

Fokasi ikamagwira masamba

Kamera imakonda chinthu chimene chili pafupi ndiponso chooneka bwino m'mphepete. M'nkhalango chinthu chimenecho nthawi zambiri ndi tsamba lonyezimira kapena kanthambi, osati kambalame kofiirira kobisala mumthunzi. Mukasiya kamera kuti isankhe pakati pa madontho onse a fokasi, imasankha tsambalo. Ikani pa dontho limodzi laling'ono, mulilozetse pa diso.

Makamera atsopano amatha kuzindikira mbalame ndi diso lake. Canon EOS R5 ya 2020 ndi Sony A1 ya 2021 ndi ena mwa amene anafalitsa zimenezi, ndipo lero zili m'makamera ambiri. Pamalo poyera zimagwira modabwitsa. Pakati pa nthambi zimasokonekera, makamaka mbalame ikakhala yaing'ono pachithunzi kapena theka lake labisika. Choncho khalani ndi njira ziwiri pafupi: batani limodzi la kumbuyo lozindikira mbalame, lina la dontho limodzi. Loyamba likakana, chala chachikulu chingosunthira pa lachiwiri popanda kuchotsa diso pa kamera.

Vuto lina ndi lenzi imene imapita uku ndi uku kufunafuna fokasi, zonse n'kuchita mbuu, mbalame osaonekanso. Zimachitika lenzi ikayambira kutali kwambiri ndi pamene pali mbalame. Poyenda, muzigwiritsa fokasi pa thunthu la mtengo wa pa mamita asanu kapena asanu ndi limodzi, kuti lenzi ikhale kale pafupi ndi mtunda umene mbalame zimaonekera. Ikasochera, musalimbane nayo pa mbalame: lozetsani pa thunthu kapena pansi pa mtunda wofanana, kenako mubwerere. Malenzi ambiri aatali ali ndi kaswitchi kochepetsa mtunda umene fokasi imayendamo. Kamathandiza, koma muzikumbukira kuti mwakayatsa.

Dziwaninso kuchepa kwa malo amene amatuluka bwino. Lenzi ya 500mm pa f/5.6, mbalame ili pa mamita asanu, pa kamera ya full frame (ya sensa yaikulu ngati filimu ya 35mm), malo amene ali mu fokasi ndi pafupifupi masentimita atatu okha. Mukagwira phiko, diso latuluka kale kunja. Mbalame ikayang'ana kwa inu, mchira sungatuluke bwino, ndipo si vuto la lenzi. Kutseka aperture kufika pa f/8 kumawonjezera pang'ono koma kumadya theka la kuwala kumene mulibe kale. Ndi bwino kudikira kuti itembenuke chammbali kuti diso, phiko ndi mchira zikhale pa mzere umodzi. Diso likangotuluka bwino, woona amakhululukira zotsalazo.

Nthawi zambiri mankhwala a fokasi ali m'miyendo. Kusuntha phazi limodzi kumanja, kapena kunjuta pang'ono, kumatsegula kazenera pakati pa masamba kamene simukanakaona mutaima chilili.

Mbalame yakuda bii, kapena yoyera mbee, kapena yobiriwira

Mbalame ikakhala m'mwamba, kumbuyo kwake kuli mipata ya thambo lowala, kamera imayeza kuwala kwa thambolo n'kusiya mbalame ili ngati mthunzi. Wonjezerani exposure compensation, imene imauza kamera kuti iwalitse kapena idetse chithunzi, ndi +1 kapena +2. Thambo lipsa, koma simunabwere kudzajambula thambo. Zosiyana zimachitika mbalame yowala ikatera kutsogolo kwa mdima: kamera imafuna kuwalitsa mdimawo, ndiye pakhosi poyera kapena pamimba pachikasu pamapsa, nthenga osaonekanso. Apa tsitsani ndi -1/3 mpaka -1. Yatsani chenjezo lija lothwanima pamalo opsa, chifukwa kuwala kwa kasikirini mumdima kumanyenga maso.

Dzuwa lamphamvu si bwenzi m'nkhalango. Limalowa m'mipata n'kupanga mawanga owala kwambiri pakati pa mthunzi wakuda, ndipo palibe kamera imene imagwira zonse ziwiri bwinobwino. Tsiku la mitambo yopyapyala ndilo labwino, kuwala kumafalikira mofanana ndipo mitundu ya nthenga imatuluka yeniyeni. Mvula ikangokata ndi nthawi inanso yabwino, mbalame zimatuluka kudzakonza nthenga ndi kufuna chakudya.

Kubiriwira kumabwera chifukwa kuwala kumadutsa m'masamba kusanafike pa mbalame. Mimba yoyera imaoneka yobiriwira. Jambulani mu RAW, ndipo pokonza musunthe tint, chosinthira mtundu, kuchoka kobiriwira kupita ku magenta (kofiirira) pang'ono mpaka nthenga zoyera zibwerere. Musachotse kubiriwira konse, chifukwa ndi kumene kumauza woona kuti muno ndi m'nkhalango. Timbalame tonyezimira monga ma sunbird a ku Africa ndi Asia tili ndi vuto lakelake: mtundu wa nthenga zake umachokera ku kapangidwe ka nthengayo, choncho umadalira kumene kuwala kukuchokera. Kambalame komweko kamaoneka kakuda, kakatembenuka pang'ono n'kuyaka kobiriwira kapena kofiira. Palibe batani lokonza zimenezo. Kuwala kukhale kumbuyo kwanu, ndipo mujambule kakamatembenuka.

Za fulashi ndinene mwachidule. Ikakhala ndiyo kuwala kwenikweni, kumbuyo kumada bii, mbalame imaoneka ngati yomata, ndipo diso limatuluka ndi kuwala kwachilendo. Mukaitsitsa kufika pa -2 imangodzaza mithunzi. Makamera ambiri amagwirizana ndi fulashi mpaka 1/200 kapena 1/250 basi, ndipo kupitirira apo mphamvu yake imatsika kwambiri. Malo ena otetezedwa amailetsa. Ine ndinaisiya, chifukwa sindikonda kuona kambalame kakudzidzimuka ndi kuwala kwanga.

Nthunzi ndi chuku

Mukagona m'chipinda chozizira ndi makina n'kutuluka ndi kamera kulowa mumpweya wotentha wachinyezi, galasi lozizira limachita thukuta nthawi yomweyo. Kupukuta sikuthandiza, nthunziyo imabwereranso mpaka galasi litafunda, ndipo ikalowa mkati mwa lenzi mutha kudikira ola kapena kuposa. Zinandichitikira tsiku lina m'mawa mbalame zitadzaza mumtengo wa zipatso, ndipo ndinangokhala n'kumaonera. Njira yake ndi yosavuta: musanatuluke, ikani kamera m'thumba lapulasitiki lotseka bwino, ifundire momwemo kwa theka la ola, kenako mutsegule. Kapena muisunge usiku pamalo otetezeka opanda makina oziziritsa.

Chuku ndicho choopsa kwambiri chifukwa chimabwera mwakachetechete. Chimamera mkati mwa lenzi ngati ulusi wa kangaude, ndipo chikakhalitsa chimadya utoto wa pagalasi mosabwezeka. Chimakonda mdima, kutentha ndi chinyezi, ndiye kuti chikwama chonyowa chotsekedwa ndicho nyumba yake. Mukabwera kuthengo tulutsani zonse ziume, muzisunge m'bokosi lotseka lokhala ndi silica gel, timibulu tomwa chinyezi, kapena mu kabati youmitsa yoikidwa pa chinyezi cha 40 mpaka 50%. Silica gel ikamwa madzi imafuna kuumitsidwanso, apo ayi yangokhala mtolo. Musamasinthe lenzi pamvula, ndipo lens hood, chotchingira cha kukamwa kwa lenzi, isamachoke, imateteza galasi ku madontho ogwa m'masamba.

Mbalame ikamathawa, kapena ikamakhala m'mwamba mokhamokha

Zonse ndanenazi zimachepetsa vuto, koma sizipanga kuwala kumene kulibe. Chimene chinasintha zithunzi zanga kwambiri ndi kusiya kuthamangitsa mbalame. Mukatsata kambalame, ndiko kamasankha malo, ndipo kamasankha mdima ndi zitsamba. Mukasankha malo inuyo n'kudikira, mumasankha kuwala, mtunda, ndi zimene zili kumbuyo. Kuona maso a nkhono n'kudekha, koma kudekhako kuchitikire pamalo oyenera, chifukwa mutha kukhala tsiku lonse pansi pa mtengo umene mbalame sizibwerapo.

Malo oyenerawo amadziwika. Woyamba ndi mtengo umene uli ndi zipatso zakupsa. Mikuyu ya m'nkhalango imadyetsa mbalame zamitundumitundu ku Africa, Asia ndi America komwe, ndipo ku America kuli zitsamba za Miconia zimene timbulu take timakoka ma tanager ndi ma manakin. Mbalame zimabwerera pamtengo womwewo tsiku lonse mpaka zipatso zithe, ndipo zambiri zimayamba zatera pa kanthambi kapafupi kuyang'ana kaye zisanalowe. Pezani kanthambi kameneko, muikiretu fokasi ndi kuwala, mudikire. Wachiwiri ndi madzi: kadziwe kosaya m'kanjira kapena m'mphepete mwa kamtsinje, makamaka madzulo pamene timbalame timabwera kudzasamba. Wachitatu ndi m'mbali mwa nkhalango, kapena pamene mtengo waukulu unagwa n'kusiya mpata. Pamenepo kuwala kumachuluka kangapo, ndipo zitsamba zatsopano zimabala maluwa ndi zipatso pamlingo wa maso anu.

Pali mwayi wina umene ambiri amaulambalala chifukwa choopa kulumidwa. Linthumbu likamayenda m'chigulu pansi pa nkhalango, tizilombo tonse timathawa, ndipo mbalame zimadziwa. Ku Africa ma alethe ndi mbalame zina za pansi amatsata linthumbu la mtundu wa Dorylus, ndipo ku America ma antbird amatsata nyerere za Eciton burchellii, ena mpaka kudalira kwambiri zimenezo pa chakudya chawo. Mbalame zimene masiku ena simungazione n'komwe zimatera pa timitengo tapansi, maganizo onse ali pa chakudya, osalabadira munthu. Imani chakumbali, chakutsogolo kwa chigulucho, buluku mutalilowetsa m'sokosi, ndipo muziyang'ana kumapazi pafupipafupi.

Mudzaonanso kuti nkhalango imatha kukhala zii kwa ola lathunthu, kenako mwadzidzidzi mitengo yonse n'kudzaza timbalame tamitundu yosiyanasiyana tikuyendera limodzi. Gulu lotere limadutsa m'mphindi zochepa. Cholakwa chimene tonse timachita ndi kuzunguza lenzi uku ndi uku kufuna kugwira zonse, mapeto ake osagwira ngakhale imodzi. Onani kumene gulu likulowera, mupite kutsogolo kwake, musankhe nthambi imodzi yowala bwino, mudikire kuti ina itere.

Mbalame zina zimakhala ndi malo okhazikika. Amuna a ma manakin amavinira pa timitengo tomwetomweto tsiku ndi tsiku pokopa akazi. Pali wina, club-winged manakin wa ku Colombia ndi Ecuador, amene amaimba ndi mapiko, kuwagundanitsa koposa ka 100 pa sekondi imodzi. Mapiko otere musayembekezere kuwaimitsa mumdima, asiyeni achite chimbuuzi, bola mutu utuluke. Timbalame toimba tambiri natonso tili ndi nthambi zimene timakonda kuimbirapo m'mawa. Mukakamva pamalo amodzi masiku awiri, tsiku lachitatu mukafike iko kasanafike.

Za mbalame za m'mwamba, kujambula mutakweza khosi kumangokupatsani mimba ndi thambo. Funani kanjira kodutsa m'mbali mwa phiri kapena pamwamba pa chigwa, pamene nsonga za mitengo ya kumunsi zili pamlingo wa maso anu. Nkhalango zina zili ndi milatho yolendewera m'mwamba, monga ku Kakum ku Ghana ndi ku Taman Negara ku Malaysia. Milathoyo imagwedezeka munthu wina akamayenda, choncho imani pa nsanja zomangidwa pamitengo ndipo mukweze shutter.

Zonsezi zimafuna makutu. M'nkhalango yowirira mbalame zambiri mumazimva musanazione, ndipo zina mumangozimva basi. Musananyamuke mverani nyimbo za mbalame za kumene mukupita pa webusaiti ya xeno-canto, imene yakhala ikusonkhanitsa mawu a mbalame kuyambira mu 2005. Pulogalamu ya pa foni ya Merlin, ya Cornell Lab of Ornithology, inayamba kuzindikira mbalame ndi mawu mu 2021, koma m'nkhalango zambiri za m'madera otentha siidziwa mitundu yonse, choncho makutu anu ndi a munthu wodziwa nkhalangoyo akadali patsogolo. Nthawi nayo ndi yofunika. Pafupi ndi equator kumacha mofulumira, ndipo mbalame zimaimba kwambiri m'bandakucha, pamene pansi pa mitengo pakadali mdima wosajambulika. Gwiritsani ntchito ola loyambalo m'mbali mwa nkhalango, mulowe mkati dzuwa litakwera.

Pamene chithunzi sichiyenera mtengo wake

Munthu akatopa ndi kudikira, foni ili m'thumba, chiyeso choliza nyimbo ya mbalame pa sipika chimakula. Imabweradi, koma imabwera chifukwa ikuganiza kuti mdani walowa m'dera lake. Imasiya kudya, imasiya kulondera chisa, n'kumalimbana ndi mdani amene kulibe. Pa malo amene pamadutsa anthu ambiri, mbalame imodzimodziyo imachitiridwa zimenezi kangapo patsiku. M'malo ambiri otetezedwa n'zoletsedwa, ndipo pa mbalame zosowa kapena nthawi yoswana sindiona chifukwa chilichonse chochitira zimenezi. Ngakhale chithunzi chake chimaulula: mbalame yokwiya, nthenga zili nyankhalala, osati mmene imakhalira ikakhala pamtendere.

Chisa nacho chisiyeni. Timbalame tambiri ta m'nkhalango za m'madera otentha timaikira mazira awiri okha, ndipo zisa zambiri zimatha ndi njoka, anyani ndi mbalame zinzake. Timba sachepa ndi mazira ake. Mukathyola tsamba limodzi kuti chisa chioneke bwino, mwachotsa chimene chinkachibisa ku adani ndi ku dzuwa. Mukapondaponda njira yopita pachisa, mwalozera adani. Ngati kholo lili ndi chakudya kukamwa koma likungozungulira osalowa, ndiye kuti mwayandikira kwambiri, bwererani m'mbuyo.

Kambalame kakafika

Mwasankha malo, mwadikira, kafika. Apa ndi pamene zithunzi zambiri zimathera, chifukwa dzanja limathamangira kukweza kamera, ndipo kusuntha kwadzidzidzi kumathawitsa mbalame kuposa mtundu wa malaya kapena phokoso. Khalani pansi, msana utatsamira mtengo kuti thupi lanu lisaoneke palokha, kamera ili kale pa monopod kapena pabondo, yolozetsedwa kale ku nthambi ija. Zimitsani kulira kwa fokasi ndi kanyali kake kothandizira. Ngati kamera ili ndi shutter yachete, igwiritseni ntchito, podziwa kuti pa makamera ena imapotoza mapiko othamanga. Ngati ili ndi njira yosungira zithunzi musanadine batani mpaka pansi, monga Pro Capture imene Olympus inabweretsa mu 2016, iyatseni mukafuna mbalame ikunyamuka, chifukwa chala cha munthu chimachedwa nthawi zonse.

Kambalame kakatera koyamba kamayang'ana mbali zonse. Musasunthe. Kalekeni kayambe kudya, kusamba kapena kuimba, ndipo mudzaona thupi lake likumasuka. Pamenepo bweretsani diso lanu ku kamera pang'onopang'ono, kakayang'ana kumbali. Kakauluka musadzuke kukatsatira. Onani manambala a shutter ndi ISO pa zithunzi zimene mwajambulazo, mukonze chimene chalakwika, mubwezere fokasi pa nthambi yomweyo, chifukwa kamene kapeza zipatso kapena madzi pamalo kamabweranso.